Popovich wasiya uphunzitsi: masekondi 28 amene anafotokoza za kupambana ndi kugonja

Chilengezo cha pa 2 May 2025 chakuti a Gregg Popovich asiya kuphunzitsa timu ya San Antonio Spurs chatseka nyengo yaitali kwambiri imene mphunzitsi mmodzi anakhalapo ndi timu imodzi mu ligi ya basiketibolo ya NBA ku America. A Popovich, omwe anali ndi zaka 76 pa nthawi ya chilengezochi, anadwala sitiroko mu November 2024 ndipo sanabwererenso pa benchi. Tsopano akhala mkulu woyang'anira za masewero ku timuyi, pomwe a Mitch Johnson atenga udindo wawo.

Mbiri yawo njodziwika: anayamba mu December 1996, anapambana masewero 1,422 a mu ligi, kuposa mphunzitsi wina aliyense, anatenga zikho zisanu (1999, 2003, 2005, 2007 ndi 2014) komanso golide wa Olimpiki ku Tokyo ndi timu ya dziko la America. Komabe, wofuna kumvetsa maganizo awo pa za kupambana ayenera kuyang'ana masewero amene anagonja.

Pa 18 June 2013, mu ndime yomaliza yolimbana ndi Miami Heat, Spurs inali itapambana masewero atatu, Heat awiri, ndipo inkafunika amodzi okha kuti inyamule chikho. Kutatsala masekondi 28, Spurs inkatsogola ndi mapointi asanu. Ogwira ntchito m'bwalo anali atayamba kale kumanga zingwe zokonzekera mwambo wopereka chikho. Kenaka zinthu zing'onozing'ono zinayamba kusokonekera. Manu Ginobili ndi Kawhi Leonard aliyense anaphonya mpira umodzi mwa iwiri yoponya popanda womutchinga. Kawiri konse LeBron James anaphonya, koma mpira wobwerera pa dengu unagwa m'manja mwa Heat, pamene Tim Duncan, katswiri wolanda mipira yotere, anali pa benchi mwa chisankho cha a Popovich. Kachiwiriko Chris Bosh anaulanda n'kupatsira Ray Allen, yemwe anachinya mapointi atatu kutatsala masekondi 5.2. Heat inapambana 103-100 pa nthawi yoonjezera, ndipo inatenganso masewero omaliza 95-88.

Ambiri amakumbukira kuponya kwa Allen kokha. Koma a Popovich sanalole kuti osewera awo abisale kumbuyo kwa mawu akuti tsoka. Pokonzekera nyengo yotsatira, anawasonkhanitsa n'kuonera limodzi kanema wa masewero aja, kuti aliyense aone pamene panalakwika. Mfundo yake inali yakuti mphindi yomaliza imangoulula zimene zinachitika kale: mpira wotayidwa mosasamala, wosewera amene sanatchingidwe, mpata umene unaphonyedwa. M'chipinda chosinthira zovala cha Spurs munali mawu a mlembi Jacob Riis onena za wophwanya miyala, amene mwala umang'ambika pa kumenya komaliza chifukwa cha kumenya konse kwa m'mbuyo.

Zotsatira zake zinaoneka mu 2014. Spurs inapambana masewero 62 mwa 82 popanda wosewera ndi mmodzi yemwe wosewera mphindi 30 pa masewero aliwonse poyerekeza nyengo yonse. Ntchito inagawidwa, mpira unkayenda m'manja ambiri usanaponyedwe, ndipo miyendo ya akuluakulu inasungidwa. A Popovich anali atalipirapo kale mtengo wa njirayi: mu November 2012 ligi inalipiritsa Spurs chindapusa cha $250,000 chifukwa chopumitsa akatswiri anayi pa masewero a pa wailesi ya kanema. Pokumananso ndi Heat mu ndime yomaliza, Spurs inapambana 4-1, ndi kusiyana kwa mapointi 70 pa masewero asanuwo.

Ngakhale zili choncho, nzeru za mphunzitsi zili ndi malire. Ulemerero wonse wa a Popovich unagwa m'zaka za Duncan, amene timuyi inamupeza mu 1997 itamaliza nyengo yoipa ya kupambana 20 ndi kugonja 62. Duncan atapuma mu 2016 ndipo Leonard atachoka mu 2018, Spurs inafika komaliza mu ndime ya chipulula pansi pa a Popovich mu 2019. Mu nyengo ziwiri zotsatizana, 2022-23 ndi 2023-24, inapambana masewero 22 okha pa nyengo. Mphunzitsi anali yemweyo, mfundo zinali zomwezo, koma osewera anali ena.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya a Johnson. Ali ndi Victor Wembanyama, mnyamata wa ku France amene anasankhidwa koyamba mu 2023, ndipo ambiri akumuona ngati Duncan watsopano. Luso lilipo. Chimene chiyesedwe tsopano nchakuti kodi mwambo woonera kanema wa kugonja, wogawana mpira ndi wopumitsa katswiri ngakhale anthu akudandaula, ungapitirire pamene mwini wake wachoka pa benchi.