Dzuwa la October ndi mapanelo a sola: chimene mlimi adziwe asanagule

Kuchokera pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuthimathima kwa magetsi kunakankhira mabanja ambiri ku sola. Dziko nalo likulowera komweko: ku Salima kuli malo a sola a mamegawati 60, ndipo ku Golomoti kuli a mamegawati 20. Alimi ena a nkhuku ndi a m'madimba akugwiritsa ntchito sola pounikira makola komanso kupopa madzi othirira.

Ambiri amaganiza kuti kukatentha kwambiri ndiye kuti panelo ikupanga magetsi ochuluka. Zoona zake n'zakuti panelo imafuna kuwala. Kutentha kumaifooketsa.

Mphamvu imatayika bwanji?

Mawati olembedwa kumbuyo kwa panelo amayezedwa panelo ili pa madigiri 25. Ikatentha kuposa apo, digiri iliyonse imadya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu. Mu October ndi November ku Lilongwe kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo panelo yogonekedwa pa malata imatha kufika madigiri 60. Pamenepo mphamvu yatsika ndi 14 peresenti, choncho panelo ya mawati 300 ikupereka pafupifupi 258. Fumbi la nyengo ino likaphimba galasi, mphamvu imatsikanso. Izi zimachitika nthawi imene mbewu za m'dimba zikufuna madzi ambiri, ndipo pampu imatha kupopa mofooka masana.

Zikukhudza bwanji thumba?

Mapanelo, mabatire ndi mapampu amagulidwa kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera. Mlimi wogula panelo yongokwanira pampu yake pa pepala amadzafunika kuwonjezera ina, mwina pa mtengo wokwera.

Chiwopsezo chachikulu chili pa batire. Batire ya asidi ikamakhala malo otentha madigiri 10 kuposa 25, moyo wake umafupika ndi pafupifupi theka. Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposerapo, koma batire imasinthidwa kangapo m'zaka zimenezo. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera.

Zoyenera kuchita

Siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa pansi.

Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, kuti mvula izitsuka fumbi.

Pukutani ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa kapena madzulo. Madzi ozizira pa galasi lotentha angalisweke.

Sungani batire pamalo a mthunzi opita mphepo, kutali ndi khitchini ndi mbaula ya anapiye.

Pogula, onjezerani mawati osachepera 20 pa 100 aliwonse amene pampu ikufuna, ndipo funsani risiti ndi chitsimikizo cholembedwa.

Popani madzi m'mawa, muwasunge mu thanki kapena m'migolo. Kusunga madzi n'kotchipa kuposa kusunga magetsi.

Alimi otsogola, kambiranani izi m'makalabu anu pamodzi ndi alangizi a m'dera lanu gulu lisanasonkhe ndalama zogulira pampu.