NJALA YA KU SUDAN: KUTHYOLA SIKELO SIKUNENEPETSA MWANA

Amai onse a kumidzi adziwa cifukwa cake timapita ndi ana ku sikelo. Mwana amayamba kupepuka makolo asanaone ndi maso. Njala ya dziko lonse nayonso imapimidwa cimodzi-modzi.

Akatswiri a United Nations ndi mabungwe anzao ali ndi muyeso wochedwa IPC, wa makwerero 5. Kuti anene kuti njala yafika pa khwerero lotsiriza, pafunika zinthu zitatu: mabanja 20 pa 100 alionse asowe cakudya kotheratu, ana 30 pa 100 aonde koopsa, ndipo anthu 2 pa 10,000 azifa tsiku liri lonse.

Ku Sudan nkhondo inabuka mu April 2023. Mu August 2024 akatswiriwa analengeza kuti msasa wa Zamzam ku Darfur unafika pa khwerero limeneli. Pofika December, boma la Sudan linaleka kugwirizana nao. Ife tikuti kumeneku kunali kulakwa kwakukulu, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Komatu nao opereka thandizo asamayembekeze cilengezo. Ku Somalia njala ya 2011 inapha anthu pafupi-fupi 260,000, theka lao ana osafika zaka 5, ndipo ambiri anafa isanalengezedwe. Kumene kuli mfuti, opima amafika mocedwa, maliro atacitika kale.

Motero omenyana atsegulire njira opima, ndipo cakudya cizinyamuka njala ikali pa khwerero lacitatu, ana akali ndi mphamvu zomeza phala.