Chilolezo cha sola chisasanduke msonkho wobisika

Mu 2023 anthu a ku South Africa anakhala masiku oposa 300 magetsi akuthimitsidwa mosinthanasinthana. Kampani ya Eskom inkalephera kupanga magetsi okwanira, ndipo boma linauza aliyense amene akanatha kuti adzithandize yekha. Anthu anamvera. Mapanelo a sola anadzaza madenga ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town. Boma linaikaponso nyambo: wogula mapanelo kuyambira Marichi 2023 mpaka Febuluwale 2024 ankabwezeredwa 25 peresenti ya mtengo wake kudzera mumsonkho, osapitirira R15,000. Magetsi atakhazikika mu 2024, nyimbo inasintha. Anthu omwe aja amene ankatamandidwa dzana anayamba kukumbutsidwa mwaukali kuti akalembetse sola wawo, apo ayi alipira chindapusa kapena adulidwa magetsi.

Sindikutsutsa kulembetsa. Chifukwa chake ndi chomveka. Sola wolumikizidwa kumawaya a khonsolo amatha kubweza magetsi kumsewu. Khonsolo ikathimitsa magetsi kuti ikonze pena pake, inveta ya m'nyumba imayenera kusiya kutumiza mphamvu nthawi yomweyo. Ikapanda kutero, mnyamata amene wakwera pholo akuganiza kuti waya ndi wozizira atha kufera pomwepo. Khonsolo iyeneranso kudziwa kuchuluka kwa masola amene ali pa thiransifoma imodzi kuti isapse. Zimenezi zikukhudza moyo wa munthu, ndipo palibe wanzeru angazikane.

Chimene ndikukana ndi kusandutsa chilolezo kukhala mpanda. Malamulo aakulu a dzikolo amapatsa makhonsolo ntchito yogawa magetsi m'madera awo. Makhonsolo alipo 257, ndipo amene amagulitsa magetsi ali ndi mafomu awoawo, mitengo yawoyawo ndi nthawi yawoyawo yoyankhira. Mmisiri yemweyo, inveta yomweyo, denga lofanana, koma ukawoloka malire a khonsolo zonse zimayambiranso. Kwa zaka zambiri satifiketi ya mmisiri wamagetsi wovomerezeka sinkakwanira. Pankafunikanso siginecha ya injiniya wolembetsedwa ku bungwe la ECSA, ndipo siginechayo si yaulere. Eskom inafewetsa lamuloli mu 2025 kwa makasitomala ake a m'nyumba. Ngati chitetezo sichinachepe pamenepo, nanga siginecha ija inkateteza yani?

Tinene zoona. Makhonsolo amagula magetsi kwa Eskom pamtengo wa pikulitsa n'kuwagulitsa ndi phindu, ndipo phindulo ndi gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera mzinda. Nyumba iliyonse yoika sola ndi kasitomala amene wachepetsa kugula. Tsono amene akupereka chilolezo ndi yemweyonso akuluza akachipereka. Mukam'patsa fisi ntchito yowerenga mbuzi, musadabwe chiwerengero chikamachedwa kutuluka.

Makhonsolo ali ndi yankho, ndipo ndi lolemera. Amati oika sola ndi olemera, ndipo ndalama za olemerazo ndi zimene zimathandiza kusamalira mawaya ndi kulipirira mayunitsi 50 aulere amene mabanja osauka amalandira pamwezi. Olemera akachoka, katundu yense agwera osauka. Izi ndi zoona. Koma mankhwala ake si kuchedwetsa mafomu. Munthu wachuma akatopa kudikira amawonjezera mabatire n'kusiya kudalira khonsolo, kapena amaika sola mwakachetechete osauza aliyense. Poteropo khonsolo yataya ndalama, yatayanso chitetezo chomwe imati ikusunga. Ngati pakufunika ndalama yosamalira mawaya, ilembedwe poyera pabilu, ikambidwe pamsonkhano wa bajeti, ivomerezedwe ndi NERSA, bungwe loona za mitengo ya magetsi. Msonkho umene ukuopa kutchulidwa dzina ndi wokayikitsa.

Mzinda wa Cape Town unaonetsa kuti njira ina ilipo. Mu Januwale 2023 meya Geordin Hill-Lewis analengeza kuti Unduna wa Zachuma walola mzindawo kulipira ndalama zenizeni kwa mabizinesi ndi mabanja amene akubweza magetsi otsala. Pamenepo woika sola anasiya kukhala mdani n'kukhala wogulitsa, ndipo kulembetsa kunakhala ndi phindu lake. Komabe ngakhale kumeneko mita yapadera yowerenga magetsi olowa ndi otuluka inali yodula moti mabanja ambiri sankaona chifukwa choigulira. Nyambo imene ili kuseri kwa chitseko chokhoma sikopa aliyense.

Palinso anthu amene nyambo zonsezi zinawadumpha. Kubwezeredwa msonkho kuja kunali kwa munthu wokhala ndi ndalama zogulira mapanelo komanso wolipira msonkho wa pamalipiro. Wochita lendi m'kachipinda kakuseri ku Alexandra kapena ku Dunoon, monga amakhalira abale athu ambiri amene anapita ku Joni, denga si lake ndipo mita si yake. Khonsolo imene imati ikuteteza osauka iyambe yaika sola pazipatala zake, m'misika ndi panyumba zake zalendi, kenako ifewetse malamulo kwa eni nyumba amene akufuna kugawira magetsi alendi awo.

Zofunika kuchita si zambiri. Pakhale fomu imodzi m'dziko lonse ya sola wa panyumba. Satifiketi ya mmisiri wovomerezeka ndi inveta yovomerezeka zikwanire. Pakhale masiku oikika oti khonsolo iyankhe, ndipo ikakhala chete masikuwo n'kutha, chilolezo chitengedwe kuti chaperekedwa. Mtengo wa mita ulipiridwe pang'onopang'ono kuchokera pamagetsi amene munthu akubweza.

Walira mvula walira matope. Boma linalira sola pamene mdima unavuta, ndipo anthu anatulutsa ndalama m'matumba mwawo. Makhonsolo asawalange lero chifukwa choti anamvera.