Masanje a zidole amene amapulumutsa amayi

Mwina munamvapo kuti ophunzira unamwino ndi uzamba amayeserera ntchito pa zidole, ena n'kumaseka kuti akuchita masanje. Ine ndikuti masanje amenewa achuluke, ndipo aziwavutitsa ophunzirawo.

Pali chidole chotchedwa MamaNatalie. Mphunzitsi amachimanga pamimba pake, ndipo chimatulutsa madzi ofiira ngati mayi amene akutaya magazi atangochira. Pamenepo ophunzira amazolowera kutikita chiberekero, kubaya jakisoni wa oxytocin ndi kuika dilipi. Zonsezi n'zofunika. Koma mayi akatisiya, kawirikawiri sichikhala chinthu chimodzi chimene chalakwika. Timakhala tinthu tingapo timene tavuta usiku womwewo.

N'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amasokoneza dala. Wophunzira akathamangira oxytocin, amauzidwa kuti filiji inawonongeka kalekale, chonsecho mankhwalawa amafuna pozizira. Akaimbira ambulansi, akuti yapita ndi wodwala wina. Makiyi a kabati ya mankhwala ali m'thumba la mnzake amene waweruka. Kuchipatala chachikulu nako akuti magazi a gulu la mayiyu atha. Zikatha amakhala pansi onse, osalozana chala, n'kumafunsana kuti zinayambira pati, ndani akanadziwitsidwa msanga, n'chiyani chikanakonzedwa masana. Namwino wophunzira motere akalowa ntchito amayamba wayang'ana filiji ndi foni, wodwala asanabwere.

Ena amati bola ophunzirawa azikhala kuwodi, poti anamwino ndi ochepa kale. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo chidole sichingalowe m'malo mwa wodwala weniweni. Koma kuwodi zinthu zikathina, wophunzira amauzidwa kuti aime pambali, ndiye amangoona kagawo kochepa. Komanso ndani wa inu angalole kuti munthu aphunzirire kulakwitsa pa mwana wake?

Inu kumudziko nkhaniyi ikukukhudzaninso. Mayi amene wataya magazi okwana theka la lita atangobereka ali kale pangozi, ndipo magaziwo akapitirira popanda thandizo atha kumwalira m'maola awiri okha. Nthawi yambiri imatayikira pakhomo, anthu akudikira kuti bambo abwere kapena amalume avomereze.

Choncho yesererani nanunso mimba ikafika miyezi 7. Khalani pansi madzulo ena, wina anene kuti matenda ayamba pakati pausiku, mvula ikugwa. Aimbire wanjinga yamoto ndani, ndipo foniyo ili ndi moto ndi mayunitsi? Iyeyo akapanda kuyankha, wachiwiri ndi uti? Mtsinje ukadzaza mudzera kuti? Ana atsala ndi yani? Buku lakuchipatala ndi zitenje zili pati? Ndani mwa achibale angapereke magazi atafunika? Mukaona kuti mayankho ena akusowa, kafunseni kusikelo tsiku loti mayiyo apite kukadikirira kuchipatala.