Kodi Kavaloyo ndi wa Yani?

M'mwezi wa Julayi 2023 kampani ya Electronic Arts idatulutsa gawo lowonjezera la gemu yake ya pakompyuta ya The Sims 4, lotchedwa Horse Ranch. Wosewera amakhazikika m'dera lopeka la Chestnut Ridge, lofanana ndi madera a kumadzulo kwa America, komwe amaweta akavalo, kuwapititsa kumipikisano ndi kusunga timbuzi ndi tinkhosa. Gemuyi njokoma, sindikukana. Chondivuta n'chakuti imamuveka wosewera chipewa ndi nsapato za cowboy, koma moyo womwe imamupatsa ndi wa bwana wa cowboy.

Cowboy weniweni adali wantchito wamba. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ng'ombe zidali mbwee ku Texas pamene mitengo yabwino idali kumpoto. Choncho anyamata ankalembedwa ntchito yokusa ng'ombe zikwizikwi kutsata njira ya Chisholm Trail mpaka ku Abilene, ku Kansas, komwe zinkakwezedwa sitima. Ulendowo unkatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo: kugona panja, kumeza fumbi, kuwoloka mitsinje yodzaza, pa malipiro a pafupifupi dola imodzi patsiku. Nthawi zambiri ngakhale akavalo omwe ankakwerawo adali a mwini ng'ombe. Chake chenicheni chidali chishalo basi.

Nanga m'gemumo munthu ameneyu ali kuti? Alimo ndithu. Ndi uja wosewera amamulemba ntchito pongodina batani, kuti azidyetsa ziweto ndi kusesa ndowe pomwe mwini famu akuthamangitsa kavalo kumpikisano. Mwini nkhani wasanduka wongothandizira pambali.

Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi umboni wina womwe chipewa sichingabise. Mawu akuti rodeo, lasso ndi ranch adalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chisipanishi, ndipo buckaroo ndi vaquero yemwe lilime la Chingerezi lidamupotoza. Luso lokusa ng'ombe pakavalo lidachokera kwa anthu a ku Mexico. Ambiri mwa okusa ng'ombewo adalinso anthu akuda, monga Nat Love, yemwe adabadwira muukapolo ku Tennessee mu 1854 ndipo adasindikiza mbiri ya moyo wake mu 1907. Mafilimu a Hollywood ndiwo adamuyeretsa khungu cowboy.

Wina anganene kuti gemu ndi masewera chabe, palibe angataye ndalama kuti akavutike pakompyuta. Koma Red Dead Redemption, yomwe Rockstar Games idatulutsa mu 2010, ndi nkhani yachisoni ya chaka cha 1911, moyo wakalewo ukutha, ndipo anthu adaigula mwaunyinji.

Ine ndikadakonda gawo lowonjezera lomwe wosewera amayamba ndi chishalo chokha, n'kumakwera kavalo wa eni ake. Mdani wake asakhale chigawenga chamfuti, koma waya waminga uja Joseph Glidden adalembetsa mu 1874, womwe udatseka madambo odyetsera ng'ombe, ndiponso chisanu cha 1886 mpaka 1887 chomwe chidapha ng'ombe zosawerengeka n'kusiya anyamata ambiri opanda ntchito.