Kupatsa n'kuika, nanga wosunga ndani?

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Mwambiwu timaunena poyamikira wopatsa, koma uli ndi funso limene timalilumpha: mwini kuikayo akatsikira kuli chete, chimene adaikacho adzasunga ndani?

Aliyense wa kuno ku Mtengowanthenga amene adakwerapo basi ya ku Joni amalidziwa dzina la Beitbridge, pamene anthu amachezera usiku pamzere ndi mapasipoti m'manja. Ochepa ndiwo amadziwa kuti Beit anali munthu. Alfred Beit adabadwira ku Hamburg mu 1853, nalemera ndi dayamondi wa ku Kimberley ndi golide wa ku Johannesburg, ali bwenzi la Cecil Rhodes. Sadakwatire. Pomwalira mu 1906 adasiya wilo yopatula mapaundi 1,200,000 kuti amangire njanji, milatho ndi njira zina zolumikizira maiko amene lero ndi Zimbabwe ndi Zambia. Ndalama zimenezi ndizo zidamanga mlatho wa pa Limpopo mu 1929, wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, ndi wa pa Chirundu mu 1939, umene udatchedwa dzina la mng'ono wake, Otto.

Chumachi sichidali choyera, ndipo sindifuna kuchiyeretsa. Chidachokera m'migodi momwe anthu akuda ankatsekeredwa m'makomponi ndi kulipidwa zochepa, migodi yomwe pambuyo pake idameza mphamvu za agogo athu a ku Dowa ndi Ntchisi opita pa Wenela, ena osabwerako. Beit adathandizanso chiwembu cha Jameson cha mu 1895 chofuna kulanda boma ndi mfuti. Tikamaona dzinali pakhoma la chipatala, tisagwade ngati talandira mphatso yakumwamba: gawo lina ndi thukuta la makolo athu likubwerera kwawo mochedwa.

Koma amene ndikufuna timuyang'ane ndi mlowam'malo. Mwana wa Otto adapatsidwa dzina la bambo ake aakulu, Alfred. Adabadwa mu 1903, ndipo Otto atamwalira mu 1930, mnyamatayu adalandira chuma chambiri pamodzi ndi zithunzi zojambula pamanja zamtengo wapatali. Adakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, adakwatira Clementine Mitford mu 1939, adakhalako ku South Africa, kenaka mu 1952 adagula nyumba yaikulu ya Russborough ku Ireland. Mwana sadakhale naye. Akuba adawathyolera nyumba mu 1974, nawamanga iye ndi mkazi wake, nabweranso ena mu 1986. Munthu wina akadapsa mtima n'kusamutsa katundu yense. Iwo mu 1987 adapereka zithunzi 17 zoposa zonse ku National Gallery of Ireland kuti aliyense azikaziona, ndipo nyumbayo adaisiya m'manja mwa bungwe loti lizitsegulira anthu.

Thumba la bambo ake aakulu lija nalonso silidadyedwe. Banjali lidakhala m'gulu la oliyang'anira, ndipo mu 1954 lamulo lidawonjezera Nyasaland pa maiko opindula. Lero Beit Trust imalipirira Amalawi maphunziro apamwamba kunja, imathandiza sukulu ndi zipatala, ndipo ndiyo idapereka ndalama zomangira chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chotsegulidwa mu 2002, kumene ana opindika mapazi ndi miyendo amachitidwa opareshoni kwaulere. Munthu adamwalira mu 1906, koma mwana wobadwa dzana akuyenda chifukwa cha pepala limene iye adasaina.

Ife Achewa nzeru imeneyi tinali nayo kale. Wolowa dzina la malume ake salandira mpando wokha, amalandiranso mbumba: alongo, ana awo, milandu yawo, njala yawo. Nanga chidatisintha n'chiyani? Yendani pamsewu wa M1 kuchoka ku Lumbadzi mpaka ku Mponela, muwerenge magolosale otsekedwa, zigayo zachete ndi malole ogona pamiyala. Zambiri mwa izo zinali za alimi a fodya ndi ochita malonda amene adagwira ntchito moyo wonse. Maliro asanathe, abale ayamba kale kufunsa makiyi. Wina watenga ng'ombe, wina malata, wina ngolo, mayi wamasiye wabwerera kwawo ndi mapoto, ana asiya sukulu ali Fomu 2. Pakutha pa zaka zitatu palibe amene walemera, ndipo dzina la malemu latsala pamanda pokha. Ichi chimandipweteka kwambiri chifukwa ochita zimenezi amati akutsata mwambo, chonsecho atola mbali ya kudya n'kutaya mbali ya kulera.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidanena poyera kuti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Komabe ambiri timaopa kulemba wilo, poganiza kuti n'kudziitanira imfa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Wilo sifuna munthu wa mamiliyoni: ifuna pepala, siginecha yanu ndi mboni ziwiri.

Ndipo polemba, tisaiwale mudzi. Mlimi amene amagulitsa mabelo ambiri ku Kanengo angathe kunena kuti lendi ya sitolo imodzi izilipirira ana awiri a m'mudzi ku sekondale chaka chilichonse, kapena izikonzetsa mjigo ukawonongeka, kapena izigulira mafuta galimoto yonyamula amayi oyembekezera kupita ku chipatala cha mishoni. Asankhe anthu atatu okhulupirika osachokera banja limodzi, nyakwawa ndi akumpingo adziwe, ndipo ndalama zizilembedwa m'buku loti aliyense angathe kuliona. Akatero, aitane ana ndi adzukulu ake akadali moyo, awawerengere yekha pepalalo.