Njovu zibwere, koma mpanda uzitsogola

Alimi anzathu, bungwe lathu silidana ndi nyama zakutchire. Tayamba ndi mawu amenewa chifukwa nthawi zonse tikadandaula za njovu pamisonkhano, ena amatiyang'ana ngati alenje opha nyama mozemba. Ife tikufuna kuti ana athu adzaone njovu ndi chipembere ndi maso awo, osati pa chithunzi cha m'buku la kusukulu. Funso lathu ndi limodzi: nyama zikamabwezedwa kumene zinatha, akulipira mtengo wake ndani?

Ntchito yobweza nyama yayenda bwino m'malo ena, ndipo tiyenera kuvomereza. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njovu zinali zitatheratu pofika m'chaka cha 1992. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Chaka chomwecho kunafika zipembere, mu 2006 njovu, mu 2011 anyalugwe, ndipo mu 2012 mikango. Nkhalango yonse inazunguliridwa ndi mpanda wa waya wamagetsi. Njovu zinaswana mpaka Majete, pamodzi ndi Liwonde, anapereka njovu zoposa 500 zimene zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Kumeneko nkhalango yomwe kale inali ndi njovu pafupifupi 1,500 inali itatsala ndi zosakwana 100. Koma onani kachitidwe kake: njovu zisanatsike m'malole, anayamba atchinga kaye chigawo chachikulu m'kati mwa nkhalango ndi waya. Sitikuti anthu a ku Chikwawa ndi ku Nkhotakota sanaonepo vuto ayi. Waya amaduka, njovu zina n'zochenjera. Koma khola linamangidwa ng'ombe zisanafike, monga momwe mlimi aliyense wanzeru amachitira.

Ku Kasungu zinthu sizinayende choncho. Nkhalango ya Kasungu inali ndi njovu pafupifupi 1,200 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika mu 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu July 2022 nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, inasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pa nthawiyo mpanda wa mbali ya kum'mawa, kumene kuli midzi yambiri, unali usanathe, ndipo mbali ya kumadzulo, yochita malire ndi Zambia, inasiyidwa yotsegula kuti nyama zizitha kuyenda mpaka ku nkhalango ya Lukusuzi. Pakati pa nkhalango ziwirizi pali minda ya anthu. Patangopita masiku ochepa maliro anayamba kumveka, ndipo m'zaka zotsatira anthu ena aphedwa kuno kwathu komanso ku Zambia. Mu 2025 zinamveka kuti anthu khumi a mbali zonse ziwiri akufuna kusumira IFAW kudzera mwa maloya a Leigh Day a ku Britain. Bungweli linakana kuti linalakwa, ndipo linati udindo woyang'anira nkhalango za m'Malawi ndi wa boma. Ife sindife oweruza. Chomwe tikuona n'chakuti pamene akuluakulu akulozana zala, mayi wamasiye wa m'mphepete mwa nkhalango sakudziwa khomo loti agogode.

Amene sanalimepo pafupi ndi njovu samvetsa kukula kwa nkhaniyi. Njovu yaikulu imodzi imadya chakudya cholemera pafupifupi makilogalamu 150 pa tsiku, kulemera kwa matumba atatu a chimanga. Ndipo imapondereza zambiri kuposa zimene imadya. Siibwera munda uli pa chiputu. Imadikira mu March ndi April, chimanga chikakhwima, maungu ndi mbatata zili m'munda, mlimi atathira kale feteleza kawiri, atapalira ndi kubandira. Gulu la njovu zisanu likalowa madzulo, m'mawa ekala yonse ili pansi. Ngongole ya feteleza ku kalabu siikhululukidwa chifukwa cha njovu. Mukakolola msanga n'kuika m'nkhokwe, zimanunkhiza n'kudzagwetsa nkhokweyo, nthawi zina ndi chipupa cha nyumba yomwe. Pali zina zomwe palibe amaziwerengera: abambo ogona pa nsanja kumunda miyezi iwiri akuimba zitini ndi kusonkha moto, n'kubwerako ndi malungo, ana ojomba kusukulu chifukwa njira ya m'mamawa yaopsa, dimba losiyidwa kudambo chifukwa amayi sangapiteko okha.

Tsono tiyeni tione lamulo. Mu 2017 lamulo loteteza nkhalango ndi nyama zakutchire linakonzedwanso, ndipo wopha nyama yotetezedwa ngati njovu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Chilango chimenechi sitikutsutsana nacho; ogulitsa minyanga ndiwo anamaliza njovu za ku Kasungu. Koma lamulo lomwelo silinaike chipepeso kwa munthu amene munda wake waonongedwa, ngakhale kwa banja limene lataya m'bale. Njovu ili ndi mtengo wake m'buku la boma, thukuta la mlimi lilibe. Ku Kenya lamulo la mu 2013 limanena kuti banja la munthu wophedwa ndi nyama yakutchire lilandire 5 miliyoni ya ndalama za kumeneko, ndiponso limakhudza mbewu ndi ziweto. N'zoona kuti ndalamazo zimachedwa, ena amadikira zaka, koma mlimi wa ku Kenya ali ndi pepala loti alozepo. Ife tilibe.

Alangizi ndi mabungwe amatiphunzitsa kuwotcha njerwa za tsabola wosakaniza ndi ndowe, kumanga zingwe zopaka tsabola ndi oyilo, kapena kupachika ming'oma ya njuchi m'malire mwa munda. Njirazi zimathandiza, ndipo uchi ndi tsabola zili ndi msika, choncho makalabu aziyesere. Koma mvula imatsuka tsabola, njuchi zimathawa m'chilala, ndipo palibe angatiuze kuti chingwe cha mlimi chilowe m'malo mwa mpanda umene boma ndi abwenzi ake amayenera kumanga.

Choncho tikupempha aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, makamaka ochokera m'maboma a Kasungu, Nkhotakota, Machinga, Chikwawa ndi Rumphi, kuti akonze lamuloli kuti pakhale thumba la chipepeso, ndipo gawo la ndalama zimene alendo amalipira pa zipata za nkhalango lizilowa m'menemo. Tikupemphanso kuti nyama yoopsa isadzasamutsidwenso mpanda usanathe, ndiponso mafumu ndi alimi asanakhale pansi n'kumva zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Msonkhano wa mfumu yaikulu ndi anthu ochepa ku boma, wokhala ndi alawansi, si kufunsa alimi ayi. Bajeti yonyamulira njovu pa malole ikapezeka, ya waya ndi ya okonza waya ipezekenso m'pepala lomwelo.

Kwa inu a m'makalabu oyandikana ndi nkhalango, ntchito yanu nayi. Musadule waya wa mpanda kukatchera misampha, chifukwa bowo limene mwalowerapo ndi lomwe njovu idzatulukire. Nyama zikaononga, mlembi wa kalabu alembe tsiku, dzina la mwini munda, mbewu ndi kukula kwa malo, ajambule pa foni ngati ilipo, ndipo a nyakwawa ndi mlangizi wa dera lanu asainire. Mapepalawo muwatumize ku ofesi ya bungwe ya m'boma lanu mwezi uliwonse. Inu a kutali ndi nkhalango musati nkhaniyi si yanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mvuu, anyani ndi nguluwe sizisankha boma. Tikadzapita ku Lilongwe kukakumana ndi komiti ya aphungu yoona za chilengedwe, tikufuna tidzanyamule mabuku a makalabu odzaza ndi maina ndi maekala.